Ankhoswe a mayiko m'masiku a Facebook ndi X

Loweruka la pa 15 Malichi 2025 tinali pa shopu ya telala ku Mayfair muno mu Johannesburg, pomwe Amalawi angapo timakonda kucheza tikaweruka. Alamu anga anasiya kupalasa makina n'kundipatsa foni. "Alamu, taonani kuno. Kazembe wa dziko lino ku America amupirikitsa." Ndinafunsa ngati amva pa wailesi. "Wailesi yanji? Nduna ya ku America yalemba yokha pa X usiku wapitawu." Pakona panakhala amalume ena achikulire, amene anafika kuno masiku a Theba ndipo sanabwererenso kumudzi. Anavula magalasi n'kutiyang'ana. "Aphwanga, kazembe wa dziko n'kumuchotsa ndi foni? Nanga kalata yake ili kuti?"

Zomwe zinachitika n'zakuti Ebrahim Rasool, kazembe wa South Africa ku Washington, anayankhula pa msonkhano wa pa intaneti wokonzedwa ndi bungwe la Mapungubwe Institute la konkuno ku Johannesburg, ndipo anadzudzula ndale za Donald Trump. Tsamba la nkhani la Breitbart linatola mawuwo. Marco Rubio, nduna ya zakunja ya America, analemba pa X kuti Rasool sakufunikanso m'dziko lawo, n'kumata nkhani ya Breitbart ija pansi pake. Kalata imene amalume ankafunsa inabwera ndithu, koma inafika dziko lonse litawerenga kale. Pa 23 Malichi Rasool anatera ku Cape Town.

Kuti timve kukula kwa funso la amalume, tiyambire kwathu, pa ankhoswe. Banja likayambana, mwamuna sapita pa mjigo kukalengeza zolakwa za mkazi wake. Amapita kwa nkhoswe. Nkhoswe amamvetsera, amagona nayo nkhani, kenako amapita kwa nkhoswe mnzake wa kuchikazi. Akafika kumeneko sabwereza mawu onse monga anatulukira m'kamwa mwa munthu wokwiya. Amasankha oyenera kunenedwa, ena amawasiya pa njira. Amakambirana kuseri, ndipo amene walakwa amapeza mpata wopepesa popanda mudzi wonse kumuonerera akugwada. Zinthu zitatu zimapulumutsa banja pamenepo: nthawi, chinsinsi, ndi khomo lotulukira lopanda manyazi.

Kazembe ndi nkhoswe wa dziko. Ntchito yake ili ndi malamulo amene mayiko anagwirizana ku Vienna mu 1961. Panganolo limati kazembe samangidwa, nyumba ya ukazembe apolisi salowamo popanda chilolezo, ndipo thumba la makalata ake silitsegulidwa. Ndime 41 imati nkhani za boma zizidzera ku unduna wa zakunja wa dziko limene kazembe akukhalamo, komanso kazembeyo asalowerere ndale za eni dziko. Ndime 9 imapatsa dziko ufulu wouza kazembe kuti sakufunikanso, ngakhale osapereka chifukwa. Choncho Rubio sanaphwanye lamulo pochotsa Rasool. Chimene chinasintha ndi bwalo limene anachitirapo. Kale nduna ikanaitana kazembeyo mu ofesi, kapena ikanauza Pretoria mwakachetechete kuti muitaneni munthu wanu tisanafike pomuchotsa. Pretoria ikanati kazembe wathu wabwera kudzakambirana, n'kutumiza wina patapita miyezi, ndipo mbali zonse zikanasunga ulemu. Pa X khomo limenelo linatsekedwa ndi ziganizo zochepa.

Amene anakhalako m'maboma a Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje cha m'ma 1980 akukumbukira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, pafupifupi miliyoni imodzi, amene Malawi anawasunga. Nkhondo imeneyo sinathe chifukwa cha mawu oyankhulidwa pagulu. Nthumwi za Frelimo ndi Renamo zinayamba kukumana ku Rome mu 1990, m'nyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo zinatenga zaka ziwiri zikukangana, kusiyana, n'kubwereranso, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano pa 4 Okutobala 1992. Kuno nako, Nelson Mandela anayamba kuyankhulana ndi nduna ya boma la tsankho, Kobie Coetsee, akadali m'ndende, anzake ambiri a ANC osadziwa. Tangoganizani zikanakhala kuti chilichonse chonenedwa m'zipinda zimenezo chinkatuluka pa foni madzulo omwewo. Otsatira a mbali zonse akanati atsogoleri awo agulitsa nkhondo, ndipo palibe akanalimba mtima kubwerera pa tebulo m'mawa mwake.

Sindikunena kuti kuchedwa n'kwabwino nthawi zonse. Mu 1962, pa mkangano wa zida za nyukiliya ku Cuba, uthenga wina wa mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, unatenga maola pafupifupi 12 kuti ufike ndi kumasuliridwa ku Washington, dziko lili pakamwa pa nkhondo. N'chifukwa chake mu 1963 America ndi Soviet Union anakhazikitsa njira yachangu yotumizirana mauthenga. Koma njirayo inali ya atsogoleri awiri okha, ndipo inali yolemba, kuti munthu ayambe wapima mawu ake. Anawonjezera liwiro koma chinsinsi anachisunga. Masamba a mchezo abweretsa liwiro n'kuchotsa chinsinsi.

Chinsinsicho chinayamba kudontha masambawa asanafike pachimake. Mu Novembala 2010 tsamba loulula zinsinsi la WikiLeaks linayamba kutulutsa makalata achinsinsi a akazembe a America, pafupifupi 250,000. Ife Amalawi tinaona zathu miyezi yochepa pambuyo pake. Mu Epulo 2011 kalata imene kazembe wa Britain ku Lilongwe, Fergus Cochrane-Dyet, analembera mabwana ake ku London inatuluka m'nyuzipepala ya Weekend Nation. Inkanena kuti Bingu wa Mutharika akuyamba ulamuliro wankhanza ndipo safuna kudzudzulidwa. Kulemba zoterezi ndi ntchito ya kazembe aliyense, ndipo athu nawonso amalemba za mayiko amene akukhalamo. Koma zitafika pagulu, Bingu anamupirikitsa, Britain nayo inabweza woimira Malawi ku London, ndipo mu Julayi inaimitsa thandizo lake la ku bajeti ya boma. Amene tinagona pa mizere ya mafuta chaka chimenecho tikudziwa kuti mavutowo anali ndi magwero ambiri, koma kalata imodzi yotuluka poyera inathira mchere pachilonda. Pamenepo panafunika munthu woba kalata ndi mtolankhani woisindikiza. Lero atsogoleri amatulutsa okha.

Pa 22 Ogasiti 2018 Trump analemba pa Twitter, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala X, kuti wauza nduna yake, Mike Pompeo, ifufuze za kulandidwa kwa minda ndi kuphedwa kwa alimi ku South Africa. Analemba ataonera pulogalamu ya pa Fox News. Boma la kuno linayankha pa Twitter pomwepo, randi inagwa mphamvu, ndipo pambuyo pake ndi pamene unduna wa zakunja unaitana woimira America ku Pretoria. Onani dongosolo lake: wailesi ya kanema, foni ya pulezidenti, msika wa ndalama, kenako akazembe kumapeto, akubwera ndi tsache. Randi ikagwa, ife otumiza ndalama kumudzi pa Mukuru timazimva mwezi womwewo.

N'chifukwa chiyani mtsogoleri angasankhe kuyankhula chonchi? Nthawi zambiri amene akumuuza si dziko linalo ayi, koma anthu a kwawo. Akalemba mawu aukali, omutsatira amamuona kuti ndi mwamuna, atolankhani amathamangira mawuwo, ndipo tsiku lonse anthu akukamba zomwe iye wasankha. Makina ake a masambawa amamuthandiza. Facebook, X, TikTok ndi YouTube amapeza ndalama pogulitsa malo otsatsira malonda, choncho amafuna kuti maso anu akhale pa foni nthawi yaitali. Pulogalamu ya kompyuta imayang'ana uthenga umene anthu akuuyankha, kuugawa ndi kukangana nawo, n'kuuonetsa kwa anthu enanso ambiri. Mawu odekha akuti mayiko awiri akambirana mwaubale sakopa munthu. Mawu onyoza amafalikira ngati moto wa m'tchire mu Okutobala. Ndiye wandale amene akufuna kumveka amaphunzira msanga chimene makinawo amakonda.

Chitsanzo chimene chinandiwawa kwambiri ndi cha Januwale 2025, chifukwa munali magazi a ana a kwathu. Asilikali a South Africa, Malawi ndi Tanzania anali kum'mawa kwa Congo pansi pa SADC. Pamene zigawenga za M23 zinkalanda mzinda wa Goma, asilikali 14 a South Africa anafa, ndipo a Malawi atatu anafa pa nkhondo yomweyo. Apulezidenti Cyril Ramaphosa wa South Africa ndi Paul Kagame wa Rwanda anayankhulana pa foni kawiri sabata imeneyo, monga mwa mwambo. Kenako Ramaphosa anatulutsa uthenga wodzudzula M23 ndi asilikali a Rwanda. Kagame anayankha pa X, kunena kuti zomwe akuluakulu a South Africa ankauza anthu za zokambirana zawo zinali zopotoza ndi zabodza, ndipo anamaliza ndi mawu akuti ngati South Africa ikufuna kulimbana, Rwanda ndi yokonzeka tsiku lililonse. Atsogoleri awiri ankatsutsana pagulu za zomwe ananong'onezana awiri, mitembo isanafike kwawo, asilikali otsala atazingidwa ku Goma ndi ku Sake. M'magulu a pa WhatsApp anthu ankayerekeza mphamvu za ankhondo a mayiko awiriwa ngati ndi Bullets ndi Wanderers. Pomaliza, atsogoleri a SADC ndi a kum'mawa kwa Africa anakumana ku Dar es Salaam pa 8 Febuluwale, SADC inathetsa ntchitoyo mu Malichi, ndipo asilikali ndi katundu wawo anatuluka pa msewu wodzera m'dziko la Rwanda lomwelo. Kuti msewuwo utseguke panafunika anthu okhala pansi m'chipinda chotseka.

Koma tikamaloza atsogoleri okha tikhala tikudzinamiza. Kusintha kwakukulu n'kwakuti khamu la anthu wamba lalowa m'bwalo la ukazembe, ndipo ife a ku Joni tili pakati penipeni.

Mu Meyi 2008, pamene zipolowe zolimbana ndi anthu obwera zinayamba ku Alexandra n'kupha anthu 62, WhatsApp kunalibe. Abale kumudzi ankamva pa wailesi, kapena kudikira kuti tiimbe foni. Mu Sepitembala 2019 zinthu zinali zina. Mashopu anaotchedwa ndi kuberedwa ku Jeppestown, ku Malvern ndi ku Turffontein. Zinali zoona, tinaziona ndi maso, ndipo ambiri tinagona ndi nsapato kuphazi. Anthu osachepera 12 anafa, ndipo boma linati khumi mwa iwo anali nzika za South Africa. Koma pamodzi ndi zithunzi zoona panayenda mavidiyo ena amene sanali a kuno kapena a chaka chimenecho. Imodzi, yoonetsa anthu akudumpha pa nyumba yosanja ikuyaka, inali ya moto umene unachitika mumzinda wa Surat ku India miyezi ingapo m'mbuyomo. Ena anali a zaka zakale, ongowamata mawu atsopano. Ofufuza nkhani a AFP ndi Africa Check anatulutsa umboni wake, koma pofika nthawi imeneyo mavidiyowo anali atazungulira Africa yense.

Mayi anga anandiimbira m'bandakucha akulira. Mwana wa achemwali anali atawaonetsa vidiyo pa foni, ndipo iwo anakhulupirira kuti Joni yense wapsa. "Mwanawe, kwera basi lero lomwe, katundu usiye." Ndinawauza kuti ndili bwino, koma mawu anga anali opepuka poyerekeza ndi zomwe maso awo anaona. Chimene chinachitika m'nyumba ya mayi anga chinachitikanso m'nyumba mamiliyoni, ndipo maboma anakakamizika kuyankha mkwiyo umenewo. Ku Nigeria anthu anaukira masitolo a Shoprite ndi maofesi a MTN, South Africa inatseka kwa kanthawi maofesi ake a ukazembe ku Abuja ndi ku Lagos, boma la Nigeria linanyanyala msonkhano wa zachuma ku Cape Town, ndipo ndege za Air Peace zinanyamula anthu mazana kubwerera kwawo. Zambia inakana kusewera mpira ndi Bafana Bafana. Pa 14 Sepitembala, pa maliro a Robert Mugabe ku Harare, anthu anamukuwiza Ramaphosa mpaka anapepesa ali pa nsanja. Chimene chinaziziritsa mitima chinali cha makolo: Ramaphosa anatuma nthumwi, Jeff Radebe anakafika ku Abuja kukapepesa kwa pulezidenti wa Nigeria Muhammadu Buhari pamasom'pamaso, ndipo mu Okutobala Buhari anabwera ku Pretoria.

Pano pali chinthu chimene ndimafuna Mmalawi aliyense wa kuno achimvetse. Vidiyo yabodza simatiteteza. Ikagwidwa kuti ndi yabodza, amene amatida amapeza ponena kuti zonse zomwe obwera amadandaula n'zopeka, ndipo kulira kwa munthu amene shopu yake yaotchedwadi kumatayika. Komanso masitolo a South Africa akaotchedwa ku Lagos, zithunzi zake zimabwerera kuno n'kudzakolezera moto ku Hillbrow. Makolo ankati nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Masiku ano zimapota aliyense, koma amene amayamba kumva m'mimba ndi uja wogulitsa tomato pa msewu, wopanda mapepala okwanira, amene sangathamangire kupolisi.

Chidani nacho chinapeza nyumba pa masamba omwewa. Mu 2020 mawu akuti #PutSouthAfricansFirst anafala pa Twitter, akukankhidwa ndi maakaunti ena obisa nkhope, ndipo mu 2021 gulu la Operation Dudula linayamba kuguba ku Soweto. Zimene zinayamba ngati zolembalemba za pa foni zinafika pa zipata za zipatala ndi m'misika, n'kukhala nkhani imene akazembe a mayiko oyandikana nawo amayenera kuikamba ndi Pretoria.

Ngakhale zili choncho, sindingafune kubwerera ku masiku amene nkhani za mayiko zinali za anthu ovala masuti okha. Chinsinsi cha ankhoswe chimapulumutsa banja, koma tonse tikudziwa mabanja amene mkazi anamenyedwa zaka ndi zaka ankhoswe akungoti pirirani. Mu Juni 2022 kafukufuku wa BBC anaonetsa nzika ina ya China ikujambula ana a m'mudzi wina kufupi ndi Lilongwe, kuwanenetsa mawu odzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa mavidiyowo pa intaneti kwawo. Malawi ndi dziko laling'ono limene limadalira China pa misewu ndi nyumba zikuluzikulu, ndipo nkhani yotere ikanatha kukwiriridwa mwaulemu. Koma Amalawi anakwiya pa Facebook ndi pa Twitter, kunyumba ndi kunja komwe, mpaka ofesi ya kazembe wa China inatulutsa mawu odzudzula mchitidwewo. Munthuyo anagwidwa ku Chipata m'dziko la Zambia, anabwezedwa ku Malawi, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2023. Apa khamu linathandiza boma lofooka kuyankhula ndi dziko lamphamvu. Chimodzimodzi Volodymyr Zelensky, pulezidenti wa Ukraine: pa 25 Febuluwale 2022, Russia italowa m'dziko lake ndipo mphekesera zikuti wathawa, anadzijambula ndi foni pa msewu wa mu Kyiv ali ndi nduna zake. Kavidiyo kosakwana mphindi imodzi kanafika kwa anthu wamba a ku Ulaya, ndipo anthuwo anakankha maboma awo.

Mphamvuyi ili ndi malire ake. Mu Epulo 2014 a Boko Haram anaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok, ndipo mawu akuti #BringBackOurGirls anafika mpaka m'manja mwa Michelle Obama. Dziko linamva, koma magulu a atsikana amene anamasulidwa mu 2016 ndi 2017 anatuluka kudzera m'zokambirana zakachetechete zimene boma la Switzerland ndi a Red Cross anathandizira, ndipo ena mpaka lero sanabwerere.

Chovuta china n'chakuti khamu limene mukuliona pa foni nthawi zina si khamu. Mu Okutobala 2019 Facebook inatseka maakaunti ogwirizana ndi Yevgeny Prigozhin wa ku Russia, amene ankafalitsa nkhani zandale m'mayiko asanu ndi atatu a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Madagascar ndi Congo. Mu Disembala 2020 inatsekanso magulu awiri, lina la ku Russia, lina logwirizana ndi anthu a m'gulu lankhondo la France, amene ankalimbana pa nkhani za Central African Republic, onse akudzionetsa ngati eni dziko. Kuno tikukumbukira kampani ya ku London ya Bell Pottinger, imene inagwira ntchito ya banja la Gupta n'kukolezera mkwiyo wa pakati pa mitundu, mpaka inagwa mu 2017. Kale dziko lofuna kusokoneza linzake linkafunika wailesi yamphamvu kapena akazitape. Lero likhoza kulemba ganyu achinyamata ochepa a m'dziko lomwelo, odziwa chiyankhulo ndi nthabwala zake, aliyense ndi mafoni angapo.

Ndipo bwalo lonseli lili ndi eni ake, amene sanasankhidwe ndi munthu aliyense. Mu Juni 2021 Twitter inafufuta uthenga wa Buhari ponena kuti ukuopseza anthu, ndipo boma la Nigeria linatseka Twitter kwa miyezi isanu ndi iwiri, mpaka Januwale 2022, pamene kampaniyo inagwirizana ndi boma ngati mmene mayiko awiri amachitira. Uganda inatseka Facebook mu Januwale 2021 kampaniyo itachotsa maakaunti ogwirizana ndi boma chisankho chili pafupi. Denmark inaona zimenezi msanga, moti mu 2017 inasankha kazembe woona za makampani a luso lamakono. Elon Musk, wobadwira ku Pretoria, anagula Twitter mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Munthu yemweyo ndi mwini Starlink, kampani ya intaneti yodzera pa masetilaiti, imene ikugwira ntchito ku Malawi kuyambira 2023 koma kuno pofika 2025 inali isanapeze chiphaso chifukwa cha lamulo lofuna kuti gawo la 30 pa 100 la kampani yotere likhale la anthu amene ankaponderezedwa kale. Iye wakhala akudzudzula malamulo a South Africa pa tsamba lake lomwe, kwa omutsatira oposa 200 miliyoni, pa nthawi imene analinso mlangizi wa Trump. Wamalonda, mwini bwalo ndi mnzake wa mfumu, zonse mwa munthu mmodzi. Pangano la ku Vienna silinaganizirepo za munthu wotere.

Mphamvu imeneyi imafika ndi pa munthu wamba wofuna kuyenda. Kuyambira 2019, wopempha viza ya ku America amafunsidwa mayina amene wagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka zisanu zapitazo. Zimene mwana wanu analemba atakwiya ali ku sekondale zikhoza kuwerengedwa ndi ofesala wa dziko lina.

Chaka cha 2025 chinasonkhanitsa zonsezi pamodzi. Mu Januwale Ramaphosa anasaina lamulo lokhudza kutenga malo pa zifukwa zothandiza anthu onse. Pa 2 Febuluwale Trump analemba pa tsamba lake la Truth Social kuti South Africa ikulanda minda, ndipo pa 7 Febuluwale anasaina chikalata choimitsa thandizo. Izi zinagwera pamwamba pa kudulidwa kwa ndalama za PEPFAR, thandizo la America lolimbana ndi Edzi, ndipo makiliniki ena a mabungwe muno mu Johannesburg, kumene obwera ambiri ankalandirako ma ARV popanda mafunso ochuluka, anatseka zitseko. Mu Meyi gulu loyamba la Maafrikana 59 linanyamuka pa bwalo la ndege la OR Tambo kupita ku America ngati othawa kwawo.

Pa 21 Meyi Ramaphosa anapita ku White House, atatenga akatswiri a gofu Ernie Els ndi Retief Goosen komanso mpondamatiki Johann Rupert, anthu amene Trump amawadziwa. Umenewo unali unkhoswe wachikale, kutenga anthu amene mwini nyumba angawamvere. Koma atolankhani ali m'chipindamo, Trump analamula kuti magetsi azimitsidwe n'kuonetsa vidiyo. Munali Julius Malema, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha EFF, akuimba pa misonkhano yake, ndi mitanda yoyera m'mbali mwa msewu imene Trump anati ndi manda a alimi. Mitandayo sinali manda. Inazikidwa mu 2020 kufupi ndi Newcastle ku KwaZulu-Natal pa chionetsero chokumbukira alimi ophedwa, ndipo inazulidwa pambuyo pake. Chithunzi china chimene ananyamula m'manja chinachokera mu kanema wa Reuters wojambulidwa ku Goma, mzinda womwe uja wa ku Congo. Kuphedwa kwa alimi kumachitikadi ndipo n'kowawa, monga kulili kuphedwa kwa anthu zikwizikwi a m'makomboni chaka ndi chaka. Koma chimene ndinaona tsiku limenelo n'chimene chinachitikira mayi anga mu 2019: chithunzi chochotsedwa pa malo ake, chopatsidwa dzina latsopano, chikukhulupiriridwa kuposa munthu wamoyo amene wakhala pamaso pako. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi anga alibe asilikali kapena ndalama zoti aimitse. Ramaphosa sanakweze mawu. Anayankha modekha, n'kupempha kuti nkhaniyo akaikambe atolankhani atatuluka.

Mu Novembala Johannesburg inalandira msonkhano wa G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, woyamba kuchitikira mu Africa. Misewu ya ku Nasrec inakonzedwa, ndipo ife okwera matekisi tinazungulira njira zakutali masiku amenewo. Trump anali atalengeza kale pa Truth Social kuti palibe nthumwi ya boma lake imene idzabwere. Nthumwi za mayiko otsalawo zinakhala m'zipinda masiku angapo zikukangana pa mawu amodziamodzi, ndipo pa 22 Novembala atsogoleri anavomereza chikalata cha msonkhanowo America palibe. Patangopita masiku ochepa, Trump analembanso pa tsamba lake kuti South Africa sidzaitanidwa ku G20 ya 2026 ku Miami. Ofesi ya Ramaphosa inayankha ndi chikalata chakuti South Africa ndi membala wa G20 mwa ufulu wake, ndipo ife tinachiwerenga pa foni ya alamu, pa shopu ija ya ku Mayfair, makina osokera ataima.